Za Bingo wodzukadzuka uja

Eee mphwanga, uthenga wako uja ndaumva. Pepa dzulo sindinayankhe, ndinafika kunyumba kutada. Ndiye ukuti galu wako Bingo ukamuuza kuti "sit" amakhala bwinobwino, koma ukangotembenuka n'kuponda kawiri katatu, wadzuka kale ali pambuyo pako. Ndipo mpikisano wa kukalabu kwanu ku Pretoria watsala miyezi iwiri, ukufunsa ngati uzimukalipira akadzuka. Ayi, usamukalipire. Tamvera.

Galuyo sakuchita mwano ayi. Mmene iye akudziwira, "sit" ndi kugunditsa matako pansi, ntchito yathera pomwepo. Palibe anamuphunzitsa kuti kukhalako kumatha iweyo ukanena. Ndiye usanachite china chilichonse, sankha mawu amodzi omumasulira. Ine ndimati "free". Ena amati "okay", koma ameneyo ndimamukana chifukwa timamutchula kambirimbiri pocheza, ndiye galu amadzuka iwe ukuyankha foni. Ngakhale Chichewa chikhoza, "nyamuka". Bola mawuwo asamasinthe, ndipo aliyense m'nyumbamo, ndi ana omwe, awadziwe.

Uyambe chonchi. Wiritsa chiwindi cha ng'ombe, osathira mchere, anyezi ndiye usayerekeze chifukwa amadwalitsa agalu. Uchidule tizidutswa ngati njere za chimanga. Nthawi yabwino ndi madzulo asanadye. Ima naye kumanzere kwako, unene "sit" kamodzi kokha. Kamodzi, mphwanga, chifukwa kumpikisano ukabwereza lamulo amakudula mamalikisi. Werenga mumtima, wani, thuu, kenako mupatse chiwindi matako adakali pansi. Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Chiwindi chizipita kukamwa kwa galu, osati galu kutsatira chiwindi. Dzanja utsitse lifike pamphuno pake penipeni, ukaliimika m'mwamba adzadzuka kuti alifikire, ndiye wamulipira chifukwa chodzuka. Akameza, dikira pang'ono, unene "free", usewere naye. Mphindi zitatu kapena zisanu zakwana, kawiri patsiku.

Masiku oyambawa usachoke pambali pake. Uzingowonjezera nthawi, koma osati mokwera ngati makwerero. Masekondi 5, kenako 12, ubwerere pa 3, kenako 20. Ukamangokweza, galu amazindikira kuti ntchito ikungokulirakulira, amagwa ulesi. Akafika mphindi yathunthu uli pambali pake, m'pamene uyambe kuchoka, ndipo tsiku loyamba kuchokalo nthawi ibwerere pansi: phazi limodzi, bwerera, chiwindi. Akadzuka kawiri motsatizana, dziwa kuti wathamanga ndiwe. Mubwezere pamalo pake mwakachetechete, uchepetse mtunda.

Kanthu kena kakang'ono: pomusiya uziyamba ndi mwendo wakumanja. Wakumanzere, umene uli pafupi ndi iye, usungire nthawi imene mukuyendera limodzi. Agalu amawerenga miyendo yathu kuposa pakamwa pathu.

Tsopano ndikuuze chimene chinandipweteka ine. Galu wanga wamkazi uja, German Shepherd, unamuona utabwera kuno ku Johannesburg. Ndinkamukhazika, n'kuyenda kutali, n'kumuitana, akafika n'kumupatsa nyama. Tsiku lililonse choncho. Kunyumba zinkaoneka zokongola kwambiri. Tsiku la mpikisano wathu woyamba tandanda pamzere, wotsogolera wanena kuti tisiye agalu, ndayenda, ndatembenuka. Ndikumuyang'ana, thupi lonse lapendekera kutsogolo, makutu ali njo, maso ali pakamwa panga, miyendo yakutsogolo ikunjenjemera. Ine ndinangokoka mpweya basi, uyo wanyamuka liwiro. Mamalikisi a gawo limenelo anapita. Ndinabwerera kunyumba mtima uli wolemera, chifukwa galuyo anachita ndendende zimene ndinamuphunzitsa. Kwa iye kukhala kunali kudikira kuitanidwa. Zinanditengera pafupifupi miyezi iwiri kukonza. Ndiye iwe, ukamusiya atakhala, uzibwerera wekha kwa iye nthawi zonse. Muzungulire kumbuyo, uime pamalo pako, upume kawiri, kenako chiwindi, kenako "free". Kumpikisano nakonso galu sayenera kusuntha iwe utangofika, amadikira mpaka wotsogolera anene kuti zatha. Zomuitana uziphunzitsa padera, nthawi ina.

Unanenanso kuti nthawi zina sadzuka koma amatsetsereka mpaka kugona. Kumeneko kwa oweruza n'kulakwa ndithu, wasintha kakhalidwe. Yamba wayang'ana pansi pamene wamukhazika. Simenti ya masana a Disembala imawotcha, ndipo udzu wa m'mawa wa Juni ndi Julayi kuno umakhala ndi chisanu choyera chija, galu sangakhazikikepo. Onanso ngati sunazolowere kunena "sit" kenako "down" motsatizana tsiku lililonse, chifukwa akatero amangokutsogolera. Koma ukaona kuti amakhalira mbali imodzi, mwendo wina atauponya kunja, kapena amavutika podzuka, mutengere kwa dokotala wa ziweto akamuunike m'chiuno. Agalu akuluakulu ngati Labrador wakoyo ndi German Shepherd amavutika ndi mfundo za m'chiuno, ndipo galu womva ululu sungamukakamize. Ngati ali bwino, peza kathabwa kongokwana thupi lake azikhalapo. Kamamuphunzitsa kukokera miyendo yakumbuyo pansi pa thupi, n'kukhala mowongoka.

Zikakhazikika pabwalo la kunyumba, usaganize kuti wamaliza. Galu amaphunzira pamodzi ndi malo. Mutengere panja pa geti, poimika magalimoto, kupaki, ndipo malo atsopano alionse uyambirenso pafupi, nthawi yochepa. Mwana adutse ndi mpira chapatali. Mbalame zaphokoso zija, ma hadeda, zikatera pa udzu, umenewo ndi mwayi, mulipire msangamsanga asanaganize zodzuka. Chachikulu ndi agalu anzake, poti tsikulo adzakhala pamzere ndi ena, ndipo wina akadzuka amakopa mnzake. Pempha anzako awiri a kukalabu muzikhazika agalu pamodzi, muyambe motalikirana.

Malamulo a mpikisanowu ndi a KUSA, bungwe loyang'anira mipikisano ya agalu kuno, lakale ndithu, la 1891. Makalasi amakwera kuchoka ku Special Beginners, Beginners, Novice, A, B mpaka C, ndipo kumtundako mwini galu amakabisala osaoneka. Ufunse alembi a kalabu akupatse malamulo a kalasi yako, uone mphindi zake, ndipo kunyumba uziphunzitsa mopitirirako ndi theka, kuti tsikulo zidzamuonekere zazifupi.

Mawa madzulo uimike foni chapambali, ijambule iwe ndi galu thupi lonse, makamaka manja ako ndi miyendo. Unditumizire pompano pagulupu. Ndikufuna ndione pamene dzanja lako limakhala pomupatsa chiwindicho. Amayi ako uwapatse moni, uwauze ndiwaimbira Lamlungu.