Tsiku la penshoni pa Kasungu boma: ndalama zikuthera pati?

Funso: "Ndine mphunzitsi wopuma, ndimakhala ku Santhe. Penshoni yanga ndi K210,000 pamwezi. Ikangolowa ndimakwera wa ku Kasungu boma: kubanki, kugula magetsi, sopo, mafuta ophikira, shuga ndi mankhwala a BP, kenako nkhomaliro ndi anzanga atatu omwe tinkagwirira limodzi ntchito. Bilu imafika K38,000 ndipo kawirikawiri wolipira ndine. Madzulo pofika pakhomo m'thumba mumakhala mwatsala K60,000 yokha. Mayi akunyumba akuti ndisiye kukumana ndi anzangawa. Nditero?" Mphunzitsi wopuma, Santhe.

Aphunzitsi, anzanuwo musawasiye. Munthu wopuma pantchito akangokhala phee pakhonde sachedwa kufooka. Koma mayi akunena zoona pa chinthu chimodzi: nkhomaliro imeneyi ikukudyerani zambiri. K38,000 pamwezi ndi K456,000 pachaka, kuposa penshoni ya miyezi iwiri. Anzanu atatuwo nawonso ndi apenshoni, ndiye n'chifukwa chiyani bilu imangolunjika kwa inu?

Izi zimayamba nthawi ya ndalama zopumira pantchito. Munthu akalandira zochuluka zija amadyetsa anzake mwachisangalalo, kamodzi, kawiri, basi chizolowezi chakhazikika. Ndalamazo zimatha, koma dzina loti "olipira" limatsala. Woperekera zakudya nayenso amaphunzira, mapeto ake kapepala amangokaika pambali pa mbale yanu osafunsa. Akuluakulu amati kupatsa n'kuika, inde, koma woika amayembekeza kudzatapa tsiku lina.

Nkhani yake muikambe musanaitanitse chakudya, makamaka pafoni dzulo lake. Nkhuku ya lokolo ikafika patebulo, manja atasambidwa kale, palibe amene angakumveni. Mawu ake safunika kuchuluka: "Achimwene, zinthu zakwera, kuyambira mwezi uno tizisonkha." Njira zilipo ziwiri. Aliyense azilipira mbale yake, yomwe pa bilu yanuyo ndi K9,500, kapena muzichita ngati chipereganyu, mwezi uno uyu, wamawa uyo. Zonse ziwiri zikutsitsirani ndalamayi kufika K114,000 pachaka, kupulumutsa K342,000. Ife tikadasankha yoyamba. Chipereganyu cha nkhomaliro chimavuta chifukwa tsiku la wina likafika mumamva kuti wapita kumaliro, ndipo mwezi wolipira wina anthu amaitanitsa chambo pomwe mwezi wawo amati nyemba zili bwino.

Funsani mtengo wa mbale musanakhale pansi, ndipo zakumwa muziwerengere padera. Nsima sichulukitsa bilu kwenikweni. Chimene chimachulukitsa ndi botolo lachiwiri ndi lachitatu, kanyenya wapambali, ndiponso mnzawo wa anzanu amene wangodutsa n'kukokeredwa mpando. Dziikireni malire a K1 pa K20 iliyonse ya penshoni, ndiye kuti K10,500. Ikeni mu envelopu yakeyake. Ikatha, mwatha.

Tsopano tibwere ku K112,000 inayo, yomwe simunaifotokoze bwino m'kalata yanu. Mukachotsa K38,000 ndi K60,000 pa K210,000, ndiyo yotsalayo. Gawo lina ndi zogula zenizeni, koma tikukayika ngati mungalozere paliponse pamene inapita. Vuto ndi kutapa penshoni yonse nthawi imodzi n'kuyenda nayo m'tauni tsiku lonse. Ndalama yaikulu kwambiri m'dziko muno ndi K5,000, choncho penshoni yanu ndi mapepala 42, ndipo pepala lililonse mukangoliphwanya chenji chake chimasungunuka: kabaza apa, mayunitsi apo, mdzukulu wa mnansi amene mwakumana naye padepoti.

Zimene zingalipiridwe pafoni zilipireni musanatuluke m'nyumba. Magetsi a ESCOM amagulika pa Airtel Money, pa TNM Mpamba ngakhale pa foni kudzera kubanki yanu, palibe chifukwa choimira pamzere. Chongani nambala ya mita kawiri musanatsimikize, poti mukaphonya nambala imodzi mayunitsi atha kupita ku mita ya munthu wina, ndipo kuti ndalamayo ibwerere ndi chintchito. Uthenga wa manambala 20 a mayunitsi musaufufute mpaka mutawalowetsa mu mita. Chenjezo limodzi: musamakankhe ndalama kuchoka kubanki kupita pafoni kuti mukatape kwa ejenti, chifukwa mutha kudulidwa kawiri, potumiza ndi potapa. Pafoni pazipita yolipirira mabilu yokha. Yofuna m'manja tapani pa ATM ya banki yanu, poti ya banki ina imadula kwambiri.

Musanyamuke musanaone uthenga woti penshoni yalowa. Ambiri amawotcha thiransipoti yopita ndi kubwerera chifukwa chomva mphekesera. Ngati mungathe, dikirani masiku awiri kapena atatu. Tsiku loyamba mizere imakhala yaitali, makina amatha ndalama, netiweki imagwagwa, ndipo ndi tsiku limene akuba amazungulira pa ATM podziwa kuti achikulire alandira. Wina akati "bwanji ndikuthandizeni adada," kanani mwaulemu, itanani wogwira ntchito m'bankimo. PIN musailembe kuseri kwa khadi. Chiphaso cha unzika chikhale m'thumba lina, osati limodzi ndi ndalama.

Tapani zokwanira tsikulo ndi sabata ziwiri zoyamba basi. Yotsalayo isiyeni, mudzaitapa pakati pa mwezi.

Kayendedwe ka m'tauni kakhale kotere: kubanki m'mamawa, kenako mankhwala, kenako golosale, nkhomaliro pambuyo. Mankhwala a BP akhale oyamba kugulidwa chifukwa ndi amene anthu amawadumpha ndalama ikachepa, n'kumati ndidzagula sabata yamawa. Gulani a mwezi wathunthu, yang'anani deti lothera mphamvu, ndipo nyamulani buku lanu lakuchipatala kuti asakupatseni a mphamvu ina. Ngati chipatala cha boma chili nawo, tengani kumeneko. Zagolosale lembani pa pepala muli ndi mayi, ndi mtengo wa mwezi watha pambali pake, kuti muone chimene chakwera. Sopo, shuga ndi mchere zimatsika mtengo ku holoselo. Mutha kugawana katoni kapena belo ndi anzanu omwewo, ubwenzi n'kukhala wopindulitsa. Nyama ndi nsomba zaziwisi gulani pomaliza, popita kokwera. Kuzungulira nazo m'jumbo kuyambira 9 koloko padzuwa la Okutobala n'kutaya ndalama.

Ya thiransipoti yobwerera ipatuleni m'mamawa momwemo, ndi kapamwamba pang'ono. Kukamada magalimoto amachepa, mtengo umakwera, ndipo katundu amamulipiritsa payekha. Muzinyamuka patebulo 2 koloko ikamakwana.

Mwezi ukubwerawu tengani kope lakale la sukulu, mulembe chilichonse chotuluka m'thumba tsikulo, ngakhale K500 ya kabaza. Madzulo mukhale pansi ndi mayi muwonkhetse. Ngati nkhomaliro yatsikira pa K9,500, K28,500 yopulumukayo isagone m'nyumba. Ikalowe ku SACCO (bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama) kapena ku banki m'khonde sabata yomweyo, kuti pofika Novembala ithandize pa feteleza.