Kodi ndipitirize kuphunzira Photoshop pomwe AI yafika?

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene amathandiza amalume ake mu situdiyo ya zithunzi pafupi ndi msika wa Kapata, konkuno ku Chipata. Akuti makasitomala akuchepa, poti aliyense masiku ano amangodina kamodzi pafoni, chithunzi n'kuwala. Ndiye akufunsa kuti, "Kodi ndipitirize kudzivutitsa ndi Photoshop, kapena ntchito imeneyi yatha basi?"

Achimwene, pitirizani. Koma musaphunzire monga mmene anaphunzirira amalume anu.

Nkhawa yanu ndi yomveka. Photoshop, pulogalamu ya pakompyuta yokonzera zithunzi, inatuluka mu 1990, ndipo kwa zaka zambiri luso lonse linali m'dzanja: kuzungulira munthu pang'onopang'ono ndi Pen Tool, kuchotsa ziphuphu chimodzichimodzi ndi Clone Stamp, msana kuwawa. Mu 2010 a Adobe anabweretsa Content-Aware Fill, yomwe inkatseka yokha malo amene mwafufuta. Mu 2021 a Google anaika Magic Eraser mu foni ya Pixel 6. Kenako mu 2023 kunabwera Generative Fill, pomwe mumangolemba mawu, chinthu chimene kunalibe n'kuoneka pachithunzi. Choncho ntchito yodula munthu n'kumuika patsogolo pa nyumba yokongola yapita ndithu, ndipo sibweranso. Mwana wasukulu akuichita pa Canva ali m'minibasi. Pamenepo musayembekezerepo ndalama.

Koma mvetsani mmene zida zatsopanozi zimagwirira ntchito, chifukwa mpamene pagona nkhani. Clone Stamp imatenga kachigawo ka chithunzi chomwecho n'kukamata pena. AI, nzeru zopangira makompyuta zimene zili m'zida zatsopanozi, siitero. Inaphunzitsidwa ndi zithunzi mamiliyoni ambirimbiri, ndiye ikapeza malo osaoneka bwino imangoganizira chimene chimakonda kukhala pamalo otero, n'kuchijambula mwatsopano. Nkhope imene ikutuluka ndi yoyerekeza chabe.

Ndaziona ndi maso anga. Mayi wina anabwera ndi kachithunzi ka malemu mayi ake, kakale, kopindika pakati, ngodya imodzi yodyedwa ndi chiswe. Ankafuna kuti kakulitsidwe pokonzekera mwambo wovundukula chiliza. Mnyamata wa pakompyuta anakalowetsa m'pulogalamu ina yowalitsa zithunzi zakale, ndipo posakhalitsa panatuluka gogo wosalala bwino. Koma mphini za m'masaya zinali zitafufutika, poti makinawo anaziyesa mikwingwirima ya papepala. Mpata wa pakati pa mano unali utatsekeka, khungu litayererapo, ngakhale maluwa a paduku anali ena. Mayiyo anayang'anitsitsa kwa kanthawi, kenako anangoti, "Awa si amayi anga."

Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa m'mabanja ambiri a kumidzi kwathu chithunzi cha gogo chimakhala chimodzi chokhacho. Chikasinthidwa n'kupachikidwa pakhoma, adzukulu amakula akudziwa nkhope ya munthu amene sanakhaleko.

Za khungu lathu muzisamala kwambiri. Mu 2018 Joy Buolamwini wa ku yunivesite ya MIT ku America anasonyeza kuti makina ena ozindikira nkhope ankalakwitsa pafupifupi kamodzi pa katatu pa akazi akhungu lakuda, pomwe pa amuna achizungu kulakwitsako sikunkafika ngakhale kamodzi pa 100. Amenewo sanali makina okonzera zithunzi, koma gwero la vuto ndi lomwelo: nkhope zathu zinali zochepa pa zimene makinawo anaphunzira. N'chimodzimodzi ndi miyambo yathu. Mukajambula impi pa Nc'wala ku Mtenguleni mu February, kapena Gule Wamkulu pa Kulamba ku Mkaika mu August, ndiye n'kuuza AI kuti iwonjezere m'mbali mwa chithunzi, musadabwe ikakuikirani zovala ndi nthenga zimene Mngoni kapena Mchewa sanavalepo. Woona cholakwacho ndi inu, amene munakulira kuno. Pa zithunzi za pasipoti ndi NRC ndiye nkhope musaikhudze n'komwe.

Sindikuti muzithawe zidazi, ayi. Ine ndimazigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Chithunzi cha ukwati chojambulidwa m'holo yamdima, chodzaza timadonthomadontho, Denoise ya mu Lightroom imachiyeretsa bwino koposa mmene dzanja langa lingathere. Kuchotsa waya wamagetsi pamwamba pa mutu wa mkwatibwi, kapena botolo lotayidwa pansi, ipatseni AI, inu musunge nthawi.

Zimene muyenera kulimbikira ndi izi. Dziwani bwino ma layer (zigawo zosanjikizana za chithunzi) ndi ma mask (zobisira kapena kuonetsera mbali ya chigawo), kuti AI ikakonza khoma ndi malaya, inu muthe kubwezeretsa maso, mphuno ndi mphini zenizeni kuchokera pa chithunzi choyambirira. Phunzirani Curves (chida chosinthira kuwala ndi mdima wa chithunzi) ndi kasakanizidwe ka mitundu, chifukwa chimene chikuwala pafoni nthawi zambiri chimatuluka chakuda bii papepala, ndipo kasitomala wa ukwati amalipira alubamu yogwirika m'manja. Koposa zonse phunzirani kuwala pojambula penipenipo. Munthu wakhungu lakuda wovala zoyera padzuwa la mu October amafuna wojambula wodziwa pomuimika.

Palinso nkhani ya m'thumba. Kuyambira 2013 Photoshop yatsopano imalipiridwa mwezi ndi mwezi, ndipo Generative Fill siigwira popanda intaneti. Bandulo ikatha kapena netiweki ikavuta, kasitomala ali pabenchi kudikira, chokupulumutsani ndi dzanja lanu lomwelo. Ngati ndalama yavuta, pulogalamu ina yokonzera zithunzi yotchedwa GIMP ndi yaulere, imagwira popanda intaneti, ndipo ma layer ndi ma mask alimo.

Amalume anu musawaone ngati otsalira. Akhale pambali panu mukamakonza, poti diso lawo limadziwa khungu la munthu likapitirira muyeso. Ndipo wina akabwera ndi chithunzi cha malemu, yambani mwachisikana n'kusunga choyambiriracho osachikhudza. Mufunseni ngati kunyumba kuli china, ngakhale cha pagulu, kuti muyerekezere. Musanasindikize, muonetseni zonse ziwiri pakompyuta, chakale ndi chokonzedwa, iye mwini anene ngati ndi mayi ake.