Funsani Tikuyankheni: Amuna anga amamenya mwana ndi lamba, akuti Baibulo limatero

FUNSO: Ndine mayi wa ana atatu, woyamba ndi wamwamuna wa zaka 8. Amuna anga ndi munthu wopemphera, tchalitchi sajomba, koma pa nkhani yolanga ana ndiye timasemphana daily. Mwana akangolakwa pang'ono, kaya waswa kapu kaya wachedwa kosewera, iwo basi avula lamba, mwezi wathawu anamukwapula mpaka mizere kumsana inatha masiku atatu isanazimirike. Ndikawalankhula amanditsegulira Miyambo 13:24 akuti wosamenya mwana wake ndiye kuti amadana naye, ndiye ine ndine ndani kuti nditsutse mawu a Mulungu. Koma panopa mwanayu wayamba kunama olo pa zinthu zazing'ono, akangomva mawu a bambo ake pakhomo amathawira kuchipinda. Kodi ndikuchimwa ndikamamuikira kumbuyo? Mayi wa ana atatu.

YANKHO: Mayi, simukuchimwa ayi. Mwana wa zaka 8 kukhala ndi mizere kumsana masiku atatu ndiye kuti wavulazidwa, ndipo palibe vesi yomwe ingakonze zimenezo.

Koma ndisakunamizeni kuti vesi ya amuna anuyo kulibe, ilipo, ndipo ili ndi anzake. Miyambo 22:15 imati utsiru umamangika mumtima mwa mwana ndipo ndodo yolangira imauchotsa, 23:13-14 ndiye imachita kunena poyera za kumenya ndi ndodo. Akhristu ambiri oona mtima amawerenga mavesi amenewa nkumakhulupirira kuti kambama kamodzi kosavulaza nkololedwa, olo Papa Francis mu February 2015 anayamikirapo bambo wina yemwe ankati amamenya ana ake pang'ono koma osati kumaso kuti asawachotsere ulemu, ndipo anthu anamudzudzula kwambiri Papayo chifukwa cha mawu amenewo. Mbali inayi, mpingo wa United Methodist pa msonkhano wake waukulu mu 2004 unagwirizana zolimbikitsa makolo kuti asiye kumenya ana. Ndiye nkhaniyi Akhristu okhaokha amasiyana maganizo, si ya opemphera kulimbana ndi osapemphera.

Chomwe ine chimandivuta ndi kusankha mavesi ngati tikusankha malaya. Buku lomwelo la Miyambo pa 26:3 limati ndodo ndi ya msana wa zitsiru, akunena akuluakulu pamenepa, koma sindinaonepo mkulu wa mpingo akugonekedwa pansi nkukwapulidwa chifukwa wachita zopusa. Deuteronomo 21:18-21 amati mwana wopanduka aponyedwe miyala, palibe Mkhristu amachita zimenezo ndipo tonse timamvetsa chifukwa chake. Nanga bwanji ndodo timangoisungira munthu wamng'ono m'nyumba yemwe sangabweze?

Komanso mawu a Chiheberi omwe anawamasulira kuti ndodo pa Miyambo 13:24 ndi shebet, mawu omwewo ali pa Salimo 23:4 pomwe Davide akuti ndodo ya m'busa imamutonthoza. M'busa ndodo yake amathamangitsira zilombo, amawerengera nkhosa, amabwezera yosochera m'njira. Nkhosa yomwe imathawa ikamva mapazi a m'busa wake ndiye kuti penapake zalakwika, ndipo mwana wanu akuthawira kuchipinda.

Kunamako musadabwe nako. Mwana akadziwa kuti kunena zoona mapeto ake ndi lamba amaphunzira kubisa, kapu adzaswabe koma adzati waswa ndi mng'ono wake. Mu 2016 akatswiri awiri, Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor, anasonkhanitsa kafukufuku wokhudza ana oposa 160,000 ndipo anapeza kuti ana omenyedwa sakhala omvera kuposa anzawo, mmalo mwake ambiri amakhala andewu komanso ubale wawo ndi makolo umasokonekera. Koma Paulo anazinena kalekale kafukufuku asanabwere, pa Aefeso 6:4 akuuza abambo, eya abambo enieniwo, kuti asakwiyitse ana awo koma awalere m'chilangizo cha Ambuye, pa Akolose 3:21 akuti musawapute kuti angataye mtima. Mavesi awiriwa abambo ambiri sawaloweza, kaya nchifukwa chani.

Tsono musamve ngati ndikuti mwana azingosiyidwa. Eli anali wansembe koma ana ake Hofeni ndi Finehasi ankachita zonyansa pa kachisi iye nkumangowalankhula mofewa osawaletsa, banja lonse linalangidwa. Pa 1 Mafumu 1:6 timamva kuti Davide sanamufunsepo mwana wake Adoniya olo kamodzi kuti wachitiranji zimenezi, mwanayo anadzafuna kulanda ufumu. Apa ndiye pomwe mungayambire ndi amuna anu, chifukwa mantha awo ndi omwewa, akuopa kulera Adoniya, ndipo mwina nawonso anakula ndi lamba ndiye sadziwa njira ina.

Musawatsutse mwana ali pomwepo kapena iwo atakwiya kale, pokhapokha ngati akumuvulaza, pamenepo ndiye lowererani basi. Dikirani ana agone, auzeni kuti nanunso mukufuna mwana wamwambo, kenako gwirizanani malamulo ochepa omwe mwanayo awadziwiretu pamodzi ndi chilango chake. Wachedwa kosewera, mawa sapita. Waswa chinthu mwadala, agwire kantchito kolipira. Waswa mwangozi, asese magalasiwo nkhani ithe, ngozi si tchimo. Akanena zoona yekha chilango chichepe ndipo mumuuze kuti chachepa chifukwa wanena zoona. Ngati amuna anu sakumva inu, pitani nawo kwa abusa kapena munthu wamkulu yemwe amamulemekeza, ndipo zikapitirira mpaka mabala mwanayo akaonedwe kuchipatala ndipo mukauze a zoteteza ana, musaope kuti mukuchititsa manyazi banja.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi wa zaka 15 akalakwa ndimangomulanda foni sabata imodzi, sindinamumenyepo chibadwire. Anzanga a kutchalitchi akuti ndikumulekerera. Zoona? Bambo wina.

YANKHO: Bambo, mtsikana wa zaka 15 kukhala sabata yathunthu opanda foni, mufunseni yekha ngati akuona kuti mukumulekerera. Ahebri 12:11 imati chilango pa nthawi yake sichikoma koma pambuyo pake chimabala chipatso cha chilungamo, sinatchule kuti chikhale cha lamba. Chongoti mukati sabata ikhaledi sabata, asakunyengerereni Lachitatu nkumubwezera, komanso tsiku lobweza fonilo khalani naye pansi mumve mbali yake, pa msinkhu umenewu zambiri zomwe amalakwa zimakhala ndi nkhani kumbuyo kwake yomwe sanakuuzeni.