Kodi khansa ya m'magazi imachuluka m'tauni kapena kumudzi?

FUNSO: M'madera amene madzi, nthaka ndi mpweya zinaipitsidwa ndi mafakitale kapena zitsime za mafuta, kodi khansa ya m'magazi imagwira kwambiri anthu a m'tauni kapena a kumudzi? Ndafunsa chifukwa chodera nkhawa ana anga.

YANKHO: Chimene chimachulukitsa matendawa si kukhala m'tauni kapena kumudzi ayi, koma zimene munthu amapuma ndi kumwa kwa zaka zambiri. Khansa imeneyi, yomwe madokotala amati leukemia, imayambira m'mafuta a m'mafupa, momwe maselo oyera a magazi amayamba kuchulukana mosalamulirika mpaka kulepheretsa maselo abwino kupangika. Mwa zinthu zimene zinatsimikizika kuti zimaiyambitsa muli benzene (mankhwala opezeka mu petulo ndi m'mafuta okumbidwa pansi), cheza champhamvu cha nyukiliya ndiponso kusuta fodya, ngakhale kuti odwala ambiri chowayambitsira matendawa sichipezeka.

Anthu a m'tauni amakumana ndi benzene mu utsi wa galimoto, m'malo omwetsera petulo ndi m'mafakitale oyenga mafuta. Madzinso akhoza kuipitsidwa, monga zinachitikira mumzinda wa Woburn ku America, kumene zitsime ziwiri zinatsekedwa mu 1979 zitapezeka ndi mankhwala a m'mafakitale, ndipo ana odwala khansayi analipo ambiri kuposa mmene zimayembekezekera.

Komatu kumudzi kukaipitsidwa, vuto limafika pamtima penipeni pa moyo wa anthu, chifukwa madzi akumwa, nsomba ndi mbewu zonse zimachokera pamalo omwewo owonongekawo, ndipo kawirikawiri palibe kwina kotunga. Ku Russia, fakitale ya nyukiliya ya Mayak inkataya zinyalala zake mumtsinje wa Techa kuyambira mu 1949 mpaka 1956, ndipo ofufuza anadzapeza kuti khansa ya m'magazi inachuluka pakati pa anthu a m'midzi ya m'mbali mwa mtsinjewo. Ku Ogoniland m'dziko la Nigeria, lipoti la mu 2011 la UNEP, bungwe la United Nations loona za chilengedwe, linaonetsa kuti madzi a m'zitsime za ku Nisisioken Ogale anali ndi benzene woposa mlingo wovomerezeka ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO kuwirikiza ka 900.

Ine sindifulumira kukhulupirira ziwerengero zosonyeza kuti kumidzi odwala ndi ochepa, pakuti m'kaundula wa khansa mumalowa okhawo amene anapimidwa, pomwe makina opimira magazi ndi akatswiri ake amapezeka kwambiri m'mizinda. Mwana wa kumudzi wotentha thupi ndi wochepa magazi amapatsidwa mankhwala a malungo mobwerezabwereza, ndipo mwina amamwalira matenda ake enieni asanadziwike. Zimenezi n'zomvetsa chisoni kwambiri tikakumbukira kuti, malinga ndi WHO, m'maiko olemera ana oposa 80 pa 100 alionse odwala khansa amachira, pomwe m'maiko ambiri osauka ochira safika 30.

Tsono ngati mwana wanu akutentha thupi kosalekeza, akufooka, akutuluka magazi m'nkhama kapena m'mphuno, ali ndi mikwingwirima popanda kuvulala, kapena akumva kuphwanya m'mafupa, pemphani kuti amuyeze chiwerengero cha maselo onse a magazi, ndipo muwauze madokotala ngati mumakhala pafupi ndi fakitale, dzala la mankhwala kapena malo otayikira mafuta.