Kodi Casino Royale ndi filimu ya kazitape kapena ndi malonda okhaokha?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amawerenga zimene ndimalemba. Akuti anaonera Casino Royale, filimu ya James Bond ya 2006, pamodzi ndi akazi awo komanso alamu awo, ndipo itangotha mkangano unabuka. Alamuwo anati filimu yonseyo ndi yotsatsa wotchi, magalimoto ndi mafoni, nkhani ya ukazitape anangoipachika pamwamba. Mayi a kunyumba anati iwo sanaone malonda alionse, anaona nkhani ya chikondi yomvetsa chisoni. Ndiye funso lawo ndi lakuti: ndani akunena zoona, ndipo kodi opanga mafilimu sakutibera pamene tikulipira ndalama kuti tionere malonda awo?

Achimwene, zikomo pondilembera. Alamu anu sananame. Filimu imeneyi ili ndi katundu wa makampani wambirimbiri, ndipo sanalowemo mwangozi. Koma sindikugwirizana nawo pa mfundo yakuti malonda onse amene ali mmenemo ndi ofanana. Ena amathandiza nkhani kuyenda, ena amaiimitsa, ndipo chimene chimakwiyitsa anthu ndi gulu lachiwirili.

Tiyambe ndi malo amene anthu anadandaula nawo kwambiri. Bond, yemwe ndi Daniel Craig, ali m'sitima yapamtunda yopita ku Montenegro kukatchova njuga. Kutsogolo kwake kwakhala Vesper Lynd, mkazi wa ku unduna wa zachuma ku Britain amene wabweretsa ndalama za njugayo. Awiriwa akupimana nzeru, aliyense akuyesa kuulula mbiri ya mnzake pongomuyang'ana zovala ndi kayankhulidwe. Ndi macheza okoma kwambiri, mwina okoma kuposa ena onse m'filimuyi. Kenaka mkaziyo akuyang'ana padzanja la Bond n'kufunsa ngati wotchiyo ndi Rolex. Bond akuyankha kuti ndi Omega, ndipo mkaziyo akuiyamikira kuti ndi yokongola. Apa ine zimandiwawa ndithu. Vesper anali atangomaliza kumunyoza Bond kuti ndi mmodzi wa amuna okonda mawotchi odula, ndiye kuyamikirako kukuchokera kuti? Kwa kamphindi amene akuyankhula si Vesper ayi, ndi kampani ya ku Switzerland imene yakhala ikumuveka Bond wotchi kuyambira mu filimu ya GoldenEye ya 1995. Woonera amamva kuti wina wamugwira paphewa pakati pa nkhani kuti amugulitse kanthu.

Chimodzimodzi ndi Ford Mondeo ija. Bond wafika ku Bahamas, ndipo tikumuona akuyendetsa galimoto yabuluu kupita ku hotela. Kamera ikuizungulira galimotoyo, kutsogolo, m'mbali, dzuwa likuwala pagalasi, msewu uli mbee. Palibe akumuthamangitsa, palibe chimene tikuphunzira za iye. Nthawi imeneyo Mondeo yamtunduwu inali isanafike pamsika, inatuluka mu 2007, choncho anthu ambiri a ku Ulaya anaionera koyamba m'filimu. Dziwaninso kuti zaka zimenezo Ford ndiyo inali mwini wa Aston Martin, Jaguar, Land Rover ndi Volvo. Mukaonanso filimuyi muyang'anitsitse poimika magalimoto pahotela paja, mupeza kuti ambiri ndi a banja limodzi, ngakhale Range Rover imene Bond akuigundanitsa dala kuti asokoneze alonda.

Za Sony ndiye zilibe chinsinsi. Filimuyi inafalitsidwa ndi Columbia Pictures, yomwe ndi ya Sony, ndipo Sony inali m'gulu la makampani amene anagula kampani ya mafilimu ya MGM mu 2005. N'chifukwa chake mafoni ndi a Sony Ericsson, laputopu imene Bond akulembera kalata yosiya ntchito ali paboti ndi Vaio ya Sony, ndipo kamera ya Vesper ku Venice ndi ya Sony. Richard Branson, mwini wa kampani ya ndege ya Virgin Atlantic, akuonekanso kamphindi akusechedwa pabwalo la ndege la Miami. British Airways inafika podula kachigawo kameneko pa filimu imene inkaonetsa m'ndege zake. Ngati kampani yopikisana naye inavutika kutenga lumo, ndiye kuti malondawo amagwiradi ntchito.

Koma tsopano taonani Aston Martin DBS. Nayonso ndi katundu wa kampani, nayonso inaikidwa kuti anthu aisirire. Komabe Bond atamwetsedwa poizoni patebulo la njuga, akudzandira mpaka kugalimoto imeneyi, akutsegula kabokosi ka kutsogolo, muli jakisoni ndi kamakina kodzutsira mtima. Manja akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, madokotala a ku London akumukuwira pafoni kuti adine batani, koma kawaya kamodzi kasomoka. Amene akubwera kudzalumikiza kawayako ndi Vesper. Patsogolo pake galimoto yomweyo ikukunkhunizika kasanu ndi kawiri pamene Bond akupewa kuponda Vesper amene amugoneka pakati pa msewu usiku, ndipo kugubuduzika kumeneko kunalowa m'buku la Guinness lolembamo zinthu zoposa zonse padziko. Sindinamvepo munthu akudandaula za DBS. Chifukwa chake n'chakuti mukaichotsa, nkhani yathyoka. Mukachotsa Mondeo, kapena dzina la wotchi, palibe chotayika. Muyeso wanga ndi umenewo basi.

Nanga n'chifukwa chiyani akazi anu sanaone kalikonse? Musawaone ngati sanatchere khutu. Malonda amtunduwu amaluma munthu amene amawadziwa kale mainawo. Kwa munthu amene sadziwa kuti Rolex ndi Omega amalimbirana makasitomala, funso la m'sitima lija ndi kucheza chabe kwa anthu awiri amene ayamba kukondana. Ndiponso munthu amene mtima wake wagwidwa ndi nkhani sawerenga zilembo za pafoni. Maganizo a anthu pa filimuyi amagawanika motero kulikonse: ena amawerenga zizindikiro za makampani, ena sazionako, ndipo pali gulu lachitatu limene limazikonda ndithu. Kwa iwo Bond wopanda galimoto yodula ndi suti yosokedwa bwino si Bond. Gulu limeneli lili ndi mfundo yake, chifukwa Ian Fleming, amene analemba buku la Casino Royale lomwe linatuluka mu 1953, ankatchula maina a zinthu pofuna kusonyeza kuti munthu wakeyu ndi wamtundu wanji. M'mabuku oyambirira Bond amayendetsa Bentley, ndipo wotchi imene Fleming anamutchulira ndi Rolex, yomwe ija akuikana m'sitima.

Pa funso lanu lakuti akutibera, ndiyankhe mosazungulira: kuba ndikukana, koma kubisa kulipo. Casino Royale inadya ndalama pafupifupi madola 150 miliyoni kuti ipangidwe, kujambula ku Czech Republic, ku Bahamas, ku Italy ndi ku England. Makampani amathandiza m'njira zingapo. Ena amapereka ndalama, ena amapereka magalimoto oti aphwanyidwe, ndipo ambiri amalipira okha zotsatsa za pa TV ndi pazikwangwani zimene zimalengeza katundu wawo pamodzi ndi filimuyo. Mu 2012, filimu ina ya Bond yotchedwa Skyfall isanatuluke, kunali phokoso anthu atamva kuti Bond amwa mowa wa Heineken, pamgwirizano umene nyuzipepala zinati unali wa madola 45 miliyoni. Craig mwini anayankha kuti mafilimu oterewa ndi odula ndipo sangatheke popanda ndalama zotere. Filimu itatuluka, botolo linaoneka kamphindi m'manja mwa Bond atagona pabedi, ali wosweka mtima, ndipo phokoso lija linazilala. Mowa wa m'botolo unkayenerana ndi munthu amene wataya ntchito ndi ulemu wake.

Chimene ine ndimadana nacho n'chakuti woonera sauzidwa poyambirira. Ku Britain, kuyambira mu February 2011, pulogalamu ya pa TV yopangidwa komweko ikakhala ndi katundu wolipiridwa imayenera kuonetsa chilembo cha P poyamba, pomaliza ndi pobwerera kuchokera ku malonda. Mowa ndi fodya n'zoletsedwa kulowetsedwa motero, ndipo mapulogalamu a ana ndi a nkhani saloledwa n'komwe kukhala ndi katundu wolipiridwa. M'nyumba zoonetsera mafilimu mulibe chilembo chotero. Maina a makampani amabwera kumapeto kwenikweni m'timalemba ting'onoting'ono, anthu atanyamuka kale. Ndikanakonda lamulo la pa TV lija likanafikanso kumeneko, makamaka pa mowa, chifukwa achinyamata ambiri amaonera Bond ndipo amatengera zimene wagwira m'manja.

Alamu anu muwauze kuti pa wotchi ndi pa Mondeo ndili kumbali yawo kwathunthu. Koma muwafunse ngati pamene Vesper wakhala pansi m'bafa ndi diresi lake, madzi akumuthira, akunjenjemera ataona anthu akuphedwa pamasitepe, iwo anakumbukira kuyang'ana chimene Bond wavala padzanja.