Pulogalamu yagwa ndi ASRA: dump muiyambire pati?

Achemwali ena a ku Mufakose, amene angoyamba ntchito ya makompyuta pa banki ina kuno ku Harare, andilembera imelo. Akuti pulogalamu yolemba malipiro ya m'chilankhulo cha makompyuta cha COBOL, yomwe imathamanga mu CICS (dongosolo la IBM loyendetsa mapulogalamu pa makompyuta akuluakulu), ikumagwa ndi khodi ya vuto yotchedwa ASRA mwezi ukamatha, ndipo abwana angowapatsa dump yamasamba ambirimbiri kuti apezemo vuto. Akufunsa poyambira.

Achemwali, musayambire patsamba loyamba. Dump ndi chithunzi cha zonse zimene zinali mu memory panthawi imene pulogalamu inagwa, ndipo zambiri mwa izo sizikukhudzani. Lowanimo muli ndi funso: inagwera pa lamulo liti, ndipo lamulolo limagwira deta yanji?

ASRA payokha imangonena kuti purosesa yakana lamulo lina. Chifukwa chenicheni chili mu uthenga wa CICS, DFHAP0001 kapena DFHSR0001, womwe umatchula pulogalamu, offset (malo amene yagwera, powerenga kuchokera poyambira pulogalamuyo), ndi nambala monga 0C4 kapena 0C7. Ikakhala 0C4, pulogalamu yagwira malo a memory omwe siiloledwa. Ikakhala 0C7, yachita masamu pa chinthu chomwe si nambala, ndipo pa pulogalamu ya ndalama ine ndimayamba kukayikira imeneyi.

Offset ija pitani nayo ku listing, ndandanda ya mizere ya pulogalamu imene inatuluka pochita compile (kusandutsa COBOL kukhala malamulo a purosesa) ndi LIST kapena OFFSET, mupeze mzere wa COBOL. Listing ikhale ya pulogalamu yomwe ikuthamangayo, osati yakale, apo ayi muswera mutu pa mzere wosalakwa. Samalaninso ndi PSW, momwe purosesa imasunga malo a lamulo limene yafikapo. Pa 0C7 imaloza lamulo lotsatira, osati lomwe lagwa, choncho mubwerere m'mbuyo mabayiti 2, 4 kapena 6 malinga ndi kutalika kwa lamulolo.

Mzere ukapezeka, ndi pamene dump imayamba kulankhula. Pezani field iliyonse ya pamzerewo mu WORKING-STORAGE, gawo limene pulogalamu imasungamo deta yake, muwerenge hex yake, kutanthauza mabayiti ake mmene dump yawalembera ndi zilembo 0-9 ndi A-F. Mu COMP-3, njira ya COBOL yosungira manambala mopanikiza, nambala 123 imasungidwa ngati 12 3C. Kachilembo komaliza ndi chizindikiro: C ndi nambala yoposa ziro, D yochepera ziro, F yopanda chizindikiro. Mukaona 40 40 40, amenewo ndi malo opanda kanthu mu EBCDIC, njira imene makompyuta akuluakulu a IBM amasungira zilembo. Mukaona 00 00 00, palibe amene anaikamo kalikonse, ndipo purosesa ikana chifukwa chizindikiro palibe.

Ambiri amaimira pamenepa, n'kuika IF NUMERIC yoona ngati field ili ndi nambala, n'kulembamo ziro, pulogalamu n'kusiya kugwa. Chonde musatero. Ziro ameneyo akhoza kukhala malipiro a munthu amene akudikira kulipira lendi, ndipo pulogalamu ikasiya kugwa palibenso amene adzadziwe kuti ndalama ikusowa. Mzere umene wagwawo wangolandira deta yowonongeka kale. Pagwa tambala, nkhanga inali itadutsa kale: funsani amene anaika detayo.

Apa EIB (malo amene CICS imalembamo za lamulo lomaliza limene pulogalamu inaipatsa) ndi trace (ndandanda ya zimene zinachitika motsatizana) zimathandiza. EIBFN imanena lamulo la CICS lomaliza, EIBRESP imanena mmene linathera. Ikakhala 13, ndiye NOTFND: READ sinapeze rekodi koma pulogalamu inapitiriza ngati yaipeza. Onaninso COMMAREA, deta imene pulogalamu ina imapatsira inzake, ngati kutalika kumene inatumizidwa nako kukufanana ndi kumene pulogalamu yolandira ikuyembekeza. Popeza vutoli limabwera mwezi ukamatha, ndingayang'anenso mafayilo a malipiro ochokera kunja. Fayilo yokhala ndi COMP-3 ikasinthidwa pakati pa ASCII (njira ya makompyuta ena yosungira zilembo) ndi EBCDIC ngati kuti ndi malemba wamba, manambala amawonongeka.

Dump ili ndi manambala a akaunti ndi mayina a anthu enieni, choncho musaitumize pa WhatsApp, ngakhale kwa ine. Ndipo isindikizeni kapena ikopereni pamalo otetezeka a bankiyo lero lomwe, chifukwa CICS imasinthanitsa mafayilo awiri osungira ma dump, DFHDMPA ndi DFHDMPB, ndipo yatsopano ikhoza kufufuta imene mukuifunayo.