Terence Ranger anali ndani, ndipo tingamukhulupirire pa nkhani za mizimu yathu?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mchemwali wina amene akuphunzira za mbiri ku yunivesite. Akuti dzina la Terence Ranger likungotulukira paliponse m'mabuku amene anauzidwa kuti awerenge, ndiye akufunsa kuti: "Kodi munthuyu anali ndani? Nanga mzungu wa ku Mangalande angatiuze chiyani za mizimu ndi chipembedzo cha makolo athu?"

Achemwali, funso lachiwirilo musachite nalo manyazi, ndi lomveka. Koma tiyambe ndi munthuyo.

Ranger anabadwira ku London mu 1929 ndipo anaphunzira ku Oxford. Digiri yake ya udokotala sinali ya za Africa n'komwe. Analemba za Richard Boyle, Mngelezi amene analemera ndi minda ya ku Ireland m'zaka za m'ma 1600. Mu 1957, nthawi ya Chitaganya, anapita ku Salisbury (lero Harare, ku Zimbabwe) kukaphunzitsa pa University College of Rhodesia and Nyasaland. Kumeneko tsankho linamunyansa. Iye ndi mkazi wake Shelagh analowa chipani cha anthu akuda cha National Democratic Party, ndipo ankachita nawo zionetsero zokana kuti mahotela ndi malo osambirira akhale a azungu okha. Tsiku lina pa zionetserozo mzungu mnzake anamukankhira m'dziwe losambiriramo, zovala zili m'thupi. Mu 1963 boma linamuthamangitsa m'dzikomo. Pali chithunzi cha pa bwalo la ndege pamene akumuperekeza Joshua Nkomo ndi Robert Mugabe.

Anakafikira ku Dar es Salaam, kumene anakhala pulofesa wa mbiri mpaka 1969. Kenako anaphunzitsa ku yunivesite ya UCLA ku America, ku Manchester kuyambira 1974, ndi ku Oxford kuyambira 1987 mpaka 1997. Atapuma anabwerera ku Zimbabwe kukaphunzitsa. Anamwalira mu Januwale 2015.

Tsopano funso lanu lenileni. Masiku amene Ranger ankayamba ntchito, azungu ambiri ophunzira ankaona ngati chipembedzo cha makolo chilibe mbiri. Kwa iwo tchalitchi chinali ndi zaka zake, mabishopu ake ndi mikangano yake, koma kachisi wa mvula anali chabe "mwambo" umene unangokhala choncho kuyambira kale. Ranger anakana zimenezo. Ankati kachisi nayenso amasintha, amakangana ndi mafumu, amayankha njala, nkhondo ndi msonkho. Mu 1972 iye ndi Isaria Kimambo wa ku Tanzania anasonkhanitsa buku lotchedwa The Historical Study of African Religion, ndipo m'menemo muli nkhani ya Matthew Schoffeleers yokhudza Mbona wathu wa ku Nsanje. Apa ndiye ndimamupatsa ulemu.

Koma analakwitsaponso, ndipo kulakwitsa kwakeko n'kumene inu mungaphunzirepo zambiri. Mu 1967 anatulutsa Revolt in Southern Rhodesia, buku lonena za nkhondo ya 1896 mpaka 1897 pamene Andebele ndi Ashona anaukira kampani ya Cecil Rhodes. Mfundo yake inali yakuti ansembe a Mwari (Mulungu wa makolo a kumeneko) a ku mapiri a Matopos, pamodzi ndi anthu ogwidwa mizimu monga Nehanda ndi Kaguvi, ndiwo analumikiza mitundu iwiriyi kuti iukire limodzi. Bukuli linagwira mitima ya omenyera ufulu, chifukwa linkawauza kuti umodzi umene ankaufuna unalipo kale. Mu 1977 katswiri wina wa mbiri, Julian Cobbing, analitsutsa, nati Andebele anatsogozedwa ndi nduna zawo ndi a banja lachifumu, osati ansembe. David Beach nayenso anasonyeza kuti Ashona sanaukire tsiku limodzi mopangana. Nkhondo inafalikira dera ndi dera, aliyense ndi zifukwa zake. Vuto linali lakuti Ranger anadalira kwambiri mapepala a atsamunda, ndipo atsamundawo ankakonda kuloza chala asing'anga ndi mizimu kuti abise nkhanza zawo: kulanda ng'ombe, thangata ndi zikoti za apolisi. Choncho munthu wofuna kukweza Aafirika anapezeka akubwereza nkhani imene adani awo anaikometsera.

Ine chimandisangalatsa n'chakuti sanakakamire. Anabwereranso ku Matopos patapita zaka, anakhala pansi ndi anthu a kumeneko, ndipo mu 1999 analemba buku lina lofatsa kwambiri la mapiri omwewo. Ndipo pamene boma la Mugabe linayamba kugwiritsa ntchito mbiri ya nkhondo ngati chibonga chokwapulira otsutsa, Ranger analemba mu 2004 kudzudzula poyera mbiri yotereyi. Ankalembanso maumboni othandiza Azimbabwe amene ankapempha malo othawirako ku Britain.

Ngati nthawi yakuchepelani, yambani ndi buku lake la 1975 la gule wa beni, Dance and Society in Eastern Africa. Likufotokoza momwe beni anayambira m'matauni a m'mphepete mwa nyanja monga Lamu ndi Mombasa cha m'ma 1890, momwe magulu ankapikisirana, komanso momwe asilikali ndi anthu apaulendo wa ntchito anamufalitsira mpaka kufika kuno. Mukaonanso anyamata a malipenga ku Nkhata Bay, atavala zoyera, masokosi ofika m'mawondo, akuliza zipanda zawo pamzere ngati asilikali, simudzawaona ngati ongotengera azungu. Ranger ankati guleyo anali njira imene anthu ankasekera, kupikisana ndi kudzionetsa m'dziko limene linkasintha.

Pa nkhani ya mayeso anu, werengani buku la 1967 lija pamodzi ndi nkhani ya Cobbing ya mu Journal of African History, ndipo pa mfundo iliyonse muzifunsa kuti umboniwo unachokera m'kamwa mwa ndani. Mukapita kumudzi pa holide, kafunseni agogo za kachisi wa kwanuko, kuti ankamusamala ndani komanso kuti nsembe yomaliza anathira chaka chiti.